Gemu ikamatseka yokha kapena kompyuta ikamauma: kufufuza vuto la graphics card

Gemu ikatseka yokha pakati pa mpikisano, kapena sikirini ikada bii mafani n'kuyamba kulira ngati chigayo, ambiri amathamangira kunena kuti graphics card, khadi yopanga zithunzi za pa sikirini, yafa. Nthawi zambiri imakhala isanafe. Mukamasewera, khadi ndiyo imakoka magetsi ambiri komanso kutentha kuposa china chilichonse m'bokosi, ndiye chilichonse chofooka pafupi nayo, kaya power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta), RAM, driver (pulogalamu yolumikiza Windows ndi khadi) kapena mpweya wosayenda bwino, chimaonekera pa iyo. Kagwedwe ka kompyuta ndi kamene kamakulozerani koyambira. Kuzimiratu n'kosiyana ndi kuuma, ndipo kuuma n'kosiyana ndi gemu kungotseka n'kukubwezerani pa desktop.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani gemu yomweyo pamalo omwe imagwera, kenako n'kupita pa china. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chomwe chinakonza, ndipo likadzabweranso mudzayambiranso pa ziro.

## Musanatsegule bokosi

Windows imalemba zonse zimene zagwa. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani perfmon /rel, ndipo mudzaona zizindikiro zofiira pa tsiku ndi ola limene vuto linachitika. Mu Event Viewer, pansi pa Windows Logs kenako System, yang'anani manambala awiri awa:

- 4101, yochokera ku Display: driver ya khadi inasiya kuyankha, Windows n'kuidzutsanso.
- 41, yochokera ku Kernel-Power: kompyuta inazima osatsekedwa bwino. Nambala iyi sinena chifukwa. Imabweranso magetsi akathima kapena mukazimitsa ndi batani, choncho fananizani nthawi yake ndi nthawi imene gemu inagwa.

Ikani GPU-Z kapena HWiNFO64, mapulogalamu oonetsa kutentha ndi liwiro la zida za m'kompyuta, onse ndi aulere, ndipo yatsani kulemba mu fayilo. Mu GPU-Z chili pa Sensors, pamene palembedwa Log to file. Kompyuta ikauma simuonanso manambala a pa sikirini, koma fayilo imasunga zimene zinkachitika masekondi omaliza: kutentha kwa GPU (chip yaikulu ya khadi), kwa Hot Spot (malo otentha kwambiri pa chipyo), kwa memory, liwiro la mafani, ndi mphamvu yomwe khadi imakoka.

Chomaliza musanapitirire: chotsani overclock iliyonse, kutanthauza liwiro limene linakwezedwa kuposa la nthawi zonse. Mu MSI Afterburner, pulogalamu yosinthira liwiro ndi mphamvu ya khadi, dinani Reset. Mu BIOS, menyu ya motherboard yomwe mumalowa poyatsa kompyuta, zimitsani kaye XMP kapena EXPO, zimene zimakweza liwiro la RAM. Overclock yomwe yakhala ikuyenda bwino chaka chonse imatha kugwa gemu yatsopano ikabwera.

## Kompyuta ikuzimiratu kapena kuyambanso yokha

Palibe uthenga, palibe sikirini yabuluu, imangoti zii ngati mwazula pulagi. Apa musataye nthawi ndi driver. Driver siizimitsa kompyuta motere. Vuto ndi magetsi, kapena kutentha.

1. Power supply yochepa kapena yotopa. Khadi zamakono zimakoka mphamvu modzidzimutsa, kwa kanthawi kochepa kwambiri, kuposa nambala yolembedwa pa bokosi. Power supply ikaona zimenezi imadziteteza pozima. Ndiye chifukwa chake kompyuta imatha kukhala maola pa YouTube bwinobwino koma n'kuzima mphindi imene gemu yafika pa malo olemera. Yerekezerani ndi zomwe opanga amalimbikitsa:

- GTX 1060 imadya 120 W, ikufuna power supply ya 400 W
- RX 580 imadya 185 W, ikufuna 500 W
- RTX 3060 imadya 170 W, ikufuna 550 W
- RTX 3070 imadya 220 W, ikufuna 650 W
- RTX 3080 imadya 320 W, ikufuna 750 W

Musakhulupirire nambala yaikulu yolembedwa pa power supply yopanda dzina. Werengani chomata cha m'mbali, pa mzere wa +12V, muchulukitse ma ampere ndi 12. Ikalemba 18 A, ndiye kuti ili ndi 216 W yokha ya khadi ndi purosesa, ngakhale pamwamba palembedwe 500 W. Makompyuta a mu ofesi a Dell ndi HP amene amagulitsidwa ogwiritsidwa kale ntchito, makamaka ang'onoang'ono aja, ambiri ali ndi power supply ya 180 W mpaka 255 W. Amenewa amalandira khadi zosafuna waya wapadera monga GTX 1650 ya 75 W, osati RX 580.

Njira yoyesera yosawononga ndalama: mu MSI Afterburner tsitsani Power Limit kufika pa 70%, sewerani pamalo omwe aja. Kuzima kukasiya, mwapeza mbali ya vuto. Chotsimikiza kwenikweni ndi kubwereka power supply ina yabwino n'kuyesa. Nambala ya 12V yoonetsedwa ndi pulogalamu iyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, koma ikaoneka yabwino musaikhulupirire kwambiri, chifukwa kugwa kwa kanthawi kochepa pulogalamu siikuona.

2. Mawaya a khadi. Malo olowetsa khadi pa motherboard amapereka 75 W, pulagi ya mapini 6 imawonjezera 75 W, ya mapini 8 imawonjezera 150 W. Ngati khadi ili ndi mabowo awiri, kokani mawaya awiri osiyana kuchokera ku power supply, osati waya umodzi wokhala ndi mitu iwiri. Timawaya tosinthira SATA kupita ku mapini 6 kapena 8 tichotseni. Pulagi ya SATA sinapangidwire mphamvu imeneyo, ndipo imasungunuka. Kankhani pulagi iliyonse mpaka kachingwe kake kokola kalire. Pa khadi za pulagi ya mapini 16, monga RTX 4090, pasakhale mpata ngakhale pang'ono, ndipo musapinde waya pafupi ndi pulagi. Mapulagi ambiri amene anasungunuka mu 2022 anali osalowa mokwanira.

Chenjezo lina: mawaya ochotseka a power supply ina sayenera kulowetsedwa pa power supply ya mtundu wina, ngakhale akulowa bwino. Kalumikizidwe ka mapini kamasiyana, ndipo mutha kuwotcha khadi ndi hard drive nthawi imodzi.

3. Magetsi ochokera kukhoma. Kumene magetsi amathimathima kapena kubwera ofooka madzulo, ili ndi vuto lenileni. Chotsani kompyuta pa ekisitenshoni yomwe palinso ketulo, ayironi kapena firiji. Ngati muli ndi UPS, bokosi la batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima, dziwani kuti VA si W: UPS ya 650 VA imanyamula pafupifupi 360 W mpaka 390 W, ndipo kompyuta ya gemu pamodzi ndi monita zimatha kupitirira pamenepo. Yesani tsiku limodzi popanda UPS, magetsi ali bwino. Amene mukuyendetsa kompyuta pa sola, onani inverter yanu. Zotchipa zambiri ndi za modified sine wave, ndipo power supply zamakono zina zimazima kapena kulira nazo. Ikufunika ya pure sine wave.

4. Purosesa kutentha. Ikafika cha m'ma 100°C imadzichepetsera liwiro, ndipo kutentha kukapitirira kukwera, kompyuta imadzizimitsa. Onani mu HWiNFO64. Kawirikawiri chozizilitsira chimakhala chakhwefuka kapena phala lake lopititsa kutentha (thermal paste) lauma.

## Sikirini ikuda, kenako kubwerera kapena kukhala yakuda

Mawu a gemu amatha kupitirira. Nthawi zina chithunzi chimabwerera patatha masekondi ochepa, gemu itatseka. Nthawi zina pamabwera sikirini yabuluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE, ikutchula nvlddmkm.sys ngati khadi ndi ya NVIDIA, kapena atikmpag.sys ndi amdkmdag.sys ngati ndi ya AMD. Chimene chikuchitika n'chakuti Windows imadikira khadi masekondi 2. Ikapanda kuyankha, imazimitsa driver n'kuyatsanso. Sikirini ikada, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi. Mukamva kulira kamodzi chithunzi n'kubwera, ndiye kuti Windows ikadali moyo ndipo driver yokha ndiyo inagwa.

1. Driver yowonongeka kapena yosagwirizana. Ichi ndicho choyamba, makamaka ngati vuto linayamba mutangosintha driver, mutasintha khadi kuchoka ku AMD kupita ku NVIDIA, kapena Windows Update itayika yake mwakachetechete. Kuyika yatsopano pamwamba pa yakale sikuthandiza. Chitani motere:

1. Tsitsani driver kuchokera pa tsamba la NVIDIA, AMD kapena Intel, komanso pulogalamu ya Display Driver Uninstaller, yomwe ambiri amangoiti DDU. Driver imaposa 500 MB, ndiye konzani bando yokwanira.
2. Zimitsani intaneti, kuti Windows isakuyikireni yake mukangoyatsa.
3. Lowani mu Safe Mode: gwirani Shift podina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, ndi nambala 4.
4. Mu DDU sankhani GPU ndi mtundu wa khadi, dinani Clean and restart.
5. Ikani driver, yatsaninso kompyuta, kenako bwezani intaneti.

Ngati vuto linabwera ndi driver yatsopano, ikani ya miyezi iwiri kapena itatu yapitayo yomwe inkayenda bwino. Yatsopano si yabwino nthawi zonse, makamaka pa khadi zakale.

2. Liwiro la kufakitale lomwe khadi sikulikwanitsanso. Khadi zambiri zolembedwa OC zimatuluka zitakwezedwa kale, ndipo zikakalamba zimayamba kupunthwa. Mu NVIDIA Control Panel, pa Help, yatsani Debug Mode, imene imabweza khadi pa liwiro lake lenileni. Kapena mu Afterburner tsitsani Core Clock ndi 100 MHz. Kusiyana kwake mu gemu simungakuone ndi maso, koma khadi imatha kukhala zaka zina ikugwira ntchito.

3. Khadi sinakhale bwino. Ngati sikirini ikuda mafani n'kuthamanga mpaka mapeto, ganizirani za magetsi kapena kalumikizidwe. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, gwirani batani loyatsira masekondi 10, tulutsani khadi, pemererani fumbi m'malo ake, ibwezeni mpaka chokolera cha kumapeto chitseke. Khadi zolemera zimagwa mutu pakapita nthawi. Ichirikizeni kumapeto. Kompyuta yomwe yangoyenda ulendo pa minibasi kapena pa njinga, yambirani pano musanachite china chilichonse.

4. Chingwe cha monita. Ngati Event Viewer ilibe 4101 ndipo gemu ikupitirira kumbuyo, yesani chingwe china cha HDMI kapena DisplayPort, bowo lina, ndipo tsitsani monita kuchoka pa 144 Hz kufika pa 60 Hz. Amene muli ndi chingwe cha riser choimikira khadi, sinthani PCIe mu BIOS kukhala Gen 3.

Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza kukweza TdrDelay mu registry. Zimenezo zimangouza Windows kuti idikire nthawi yaitali isanadandaule. Kwa ojambula zithunzi zolemera zimathandiza, koma pa gemu mumangosintha kugwa kwa masekondi 2 kukhala kuuma kwa masekondi 10.

## Gemu ikutseka yokha, Windows ili bwino

Funso loyamba: ndi gemu imodzi kapena zonse? Ikakhala imodzi, khadi musayikhudze kaye.

- Mafayilo a gemu. Pa Steam, dinani kumanja pa gemu, Properties, Installed Files, Verify integrity of game files. Magetsi akathima gemu ikutsitsidwa, mafayilo amatsala oduka. Magemu okopera pa flash kwa mnzanu amagwa pa zifukwa zawozawo, ndipo simungayese nawo khadi.
- Memory ya khadi yadzaza. Khadi ya 4 GB pa Textures za Ultra imadzaza msanga. Onani Memory Used mu GPU-Z. Ikamafika pa mapeto, tsitsani Textures kaye musanatsitse china, ndipo zimitsani ray tracing. Onaninso kuti page file ya Windows, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza, ili pa automatic ndipo disiki ya C ili ndi malo. Anthu ena amazimitsa page file pofuna kusunga malo, kenako magemu n'kumagwa.
- Mapulogalamu ojambula pamwamba pa gemu. Zimitsani overlay ya Discord, Steam, Xbox Game Bar, ya NVIDIA kapena AMD, ndi RivaTuner. Kenako yatsani imodziimodzi.
- DirectX. Ngati gemu imalola, sinthani kuchoka pa DirectX 12 kupita pa 11. Mu Disk Cleanup chotsani DirectX Shader Cache. Gemu idzadukizadukiza mphindi zoyamba pomanganso, si vuto.

Uthenga wa DXGI_ERROR_DEVICE_REMOVED kapena DXGI_ERROR_DEVICE_HUNG sukutanthauza kuti khadi yatuluka. Ndi gemu ikunena kuti driver inagwa. Ukamabwera pa magemu ambiri, bwererani pa gawo la sikirini yakuda.

Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14, makamaka i9 ndi i7 monga 13900K ndi 14900K, anali ndi vuto lomwe linkagwetsa magemu ndi uthenga wakuti video memory yatha, pamene khadi inalibe mlandu. Intel inatulutsa microcode yokonzera, kapulogalamu ka purosesa kobwera ndi BIOS yatsopano, mu 2024, 0x129 kenako 0x12B. Ngati muli ndi purosesa yotere, ikani BIOS yatsopano, koma pokhapokha muli pa UPS yodalirika. Magetsi akathima BIOS ikulembedwa, motherboard imatha osayakanso.

## Zonse zauma, mawu akubwerezabwereza

Mausi sakuyenda, kiyibodi siyikuyankha, mu sipika mukumveka kamawu kamodzi kobwereza. Dinani Caps Lock. Nyale yake ikapanda kusintha, ndiye kuti makina onse aima, osati khadi yokha, ndipo woyamba kumukayikira ndi RAM.

1. Zimitsani XMP kapena EXPO. Kuuma kukasiya, RAM sikukwanitsa liwiro limenelo ndi purosesa yanu. Itsitseni pang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa 3600 kufika pa 3200.
2. Yendetsani MemTest86 kuchokera pa flash, maulendo onse 4. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira. Yesani RAM imodziimodzi kuti mupeze yolakwa. RAM ziwiri za makampani osiyana zogulidwa nthawi zosiyana ndi gwero lodziwika la vutoli.
3. Onani thanzi la SSD kapena hard drive ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, koperani mafayilo anu lero. Kuuma kwa masekondi angapo kenako n'kupitirira, makamaka gemu ikamatsegula malo atsopano, nthawi zambiri ndi disiki.
4. Zonsezi zikakhala bwino, bwererani ku power supply ndi kakhalidwe ka khadi.

## Gemu imayamba bwino, patatha mphindi 15 kapena 20 n'kuyamba kudukiza kapena kugwa

Vuto lobwera ndi nthawi ndi kutentha. Limakula mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kwa amene ali ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, chipinda chenichenicho chimakhala chotentha kale kompyuta isanayake. Kutentha kwa chipinda kukakwera ndi madigiri 10, kwa khadi kumakweranso pafupifupi chimodzimodzi.

Khadi zambiri za NVIDIA zimayamba kudzichepetsera liwiro cha m'ma 83°C. Za AMD zimalola Junction, lomwe ndi dzina lina la Hot Spot, mpaka 110°C. Memory ya GDDR6X, monga ya RTX 3080, imachepetsa liwiro ikafika cha m'ma 110°C. Nambala yothandiza kwambiri ndi kusiyana kwa GPU Temperature ndi Hot Spot. Madigiri 10 mpaka 15 ndi zachizolowezi. Kukapitirira 25, phala la pakati pa chip ndi chozizilitsira lauma kapena latuluka m'mbali.

Chotsani chitseko cha m'mbali mwa bokosi, muloze fani ya m'nyumba mkati, musewere. Vuto likatha, mwatsimikiza. Kenako:

- Fumbi. Tulutsani bokosi panja, pemererani ndi bulowa. Gwirani mafani ndi chala asazungulire, chifukwa kuwathamangitsa ndi mphepo kumawononga ma bearing. Fumbi lenileni limabisala pakati pa timapepala tachitsulo ta pansi pa mafani, limaumbika ngati thonje. Nyengo yachilimwe chitani izi miyezi iwiri iliyonse, ndipo kompyuta isakhale pansi pa simenti.
- Mafani. Ambiri sazungulira khadi ikakhala pansi pa 50°C kapena 60°C, ndipo izi ndi dala. Akapanda kuzungulira gemu ili mkati, kapena imodzi ikamagwedera, ikufunika kusintha.
- Mpweya wa m'bokosi. Pakhale fani yolowetsa kutsogolo ndi yotulutsa kumbuyo. Bokosi lisakhale m'kabati yotseka.
- Phala. Pa khadi yopitirira zaka zinayi, kulisintha kumathandiza. Pukutani lakale ndi isopropyl alcohol, pakani latsopano pa chip yonse, mangani ma screw anayi mopingasa pang'onopang'ono. Timapadi tofewa ta pa memory tili ndi makulidwe ake, 0.5 mm, 1 mm, 1.5 mm kapena 2 mm. Mukayika tokhuthala, chozizilitsira sichikhudzanso chip, ndipo khadi imatentha kuposa kale. Ngati khadi ikadali pa waranti, musatsegule.

Pa laputopu, sewerani chaja yake yeniyeni ili pamagetsi, ikwezeni kumbuyo kuti mpweya ulowe pansi, ndipo musaiike pa bedi.

## Madontho, mizere ndi mitundu yachilendo

Timabokosi tobiriwira kapena tapinki, mizere yotambasuka kuchokera pa zinthu za mu gemu, zilembo zosweka. Ichi ndicho chizindikiro chokhacho chimene khadi imakhaladi wokayikiridwa woyamba.

Jambulani sikirini ndi Print Screen, mutumize chithunzicho pa foni. Chikaoneka choyera, yambani ndi chingwe ndi monita. Madontho akaonekanso pa foni, akuchokera m'khadi. Akamaoneka ngakhale pa chizindikiro choyamba poyatsa kapena mu BIOS, driver isanayambe, memory ya khadi kapena kulumikizana kwa chip kwawonongeka, ndipo palibe pulogalamu ingakonze.

Akamaoneka mu gemu mokha, tsitsani Memory Clock ndi 300 MHz mpaka 500 MHz, onani kutentha kwa memory, ndipo yendetsani mayeso a VRAM (memory ya khadi) a mu pulogalamu ya OCCT kwa mphindi 30. Khadi zogulidwa zakale, makamaka RX 570 ndi RX 580, zambiri zinagwirapo ntchito yokumba ndalama za crypto usana ndi usiku, ndipo zina zikadali ndi BIOS yosinthidwa yomwe imapanikiza memory. Palinso zabodza: chip yakale ngati GTS 450 yolembedwa kuti GTX 1050 Ti. Imayaka bwinobwino, koma imagwa gemu ikangofuna memory yoposa yomwe ilipodi. GPU-Z imalemba FAKE pa zambiri zotere, choncho iyendetseni wogulitsa ali pomwepo, ndalama zisanachoke m'thumba.

## Pofunika kusiya n'kupita kwa katswiri

- Mwamva fungo la kupsa, mwaona utsi, kapena pulagi yada kapena kusungunuka. Zulani kukhoma ndipo musayatsenso "kuti muone".
- Bokosi likukugwirani magetsi mukalikhudza. Waya wa earth wa m'nyumba kapena wa ekisitenshoni ulibe ntchito. Ameneyo ndi wa zamagetsi, osati wa makompyuta.
- Mukuganiza zotsegula power supply. Musatero. Ma capacitor ake amasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa. Yowonongeka imasinthidwa yonse.
- Madontho akuoneka mu BIOS, kapena Device Manager ikulemba Code 43 ngakhale mutayika driver ndi DDU.
- Khadi ikugwanso chimodzimodzi pa kompyuta ina yabwino.
- Pakufunika kulemba BIOS ya khadi, ndipo mulibe khadi ina yoti muonere zikalakwika.

Zowotcha khadi mu uvuni kapena ndi mfuti yamoto zimaidzutsa kwa masabata ochepa, kenako imafanso itawonongeka kwambiri. Wokonza akakuuzani kuti angoiwotcha, funsani ngati ali ndi zida zoyesera memory ndi zosinthira chip.

Popita, nyamulani bokosi lonse osati khadi yokha, chifukwa ayenera kuyesanso power supply yanu. Tengani fayilo ya GPU-Z, chithunzi cha uthenga wa vuto, dzina la gemu ndi mphindi zimene imatenga isanagwe, komanso mndandanda wa zomwe mwayesa kale. Ngati ulendo ndi wautali, tulutsani khadi, muikulunge payokha m'thumba lake losagwira magetsi, kuti kulemera kwake kusathyole malo ake pa motherboard.